Lipenga la Bambo Anga pa Msewu wa ku Ntchisi

Anthu a kuno ku Ndirande akamakumbukira bambo anga, ambiri amayamba ndi nsapato. Amati m'fumbi lonse la ku Goliyo munali munthu mmodzi yekha amene nsapato zake unkatha kudzionerapo nkhope, ndiye a Sajeni Namaona. Ena amakumbukira belu la kutchalitchi limene analiza zaka zambirimbiri osachedwa. Ine Esinati, mwana wawo wachitatu, amene ndinawasunga m'nyumba mwanga amayi atamwalira, ndikawakumbukira ndimaona ulendo wathu wa ku Ntchisi. Bambo anapita kukapuma chaka chatha atapitirira zaka 90, ndiye ndati ndilembe za ulendowu ana anga adzawerenge, poti mutu wanganso wayamba kutaya zinthu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, bambo ali pampando wawo wansungwi, foni n'kulira. Anali a Lute, mwana wa a Kachiza a ku Ntchisi.

Ndifotokoze kaye za a Kachiza. Iwowa ndi bambo analembedwa usilikali limodzi ku Zomba nthawi ya azungu, onse ndevu zisanamere. Anakwera sitima yapamadzi imodzi kupita ku Malaya, kunkhalango kumene bambo ankati mvula siikata ndipo misundu imalowa ndi m'nsapato momwe. Ntchito ya bambo inali yoliza lipenga. Ankaliza podzutsa anthu, poitanira chakudya, ndi pogoneka asilikali madzulo. Nyimbo yogonekera ija ndi yomweyonso imene amaliza msilikali akamaikidwa m'manda. Tsiku lina ataika mnzawo kutali kumeneko, kopanda mayi wake kapena mbale womulira, a Kachiza anawakokera bambo pambali.

"Iwe, ine ndikadzafa usadzalole mwana wina andilizire. Udzabwere wekha."

"Nanga ndikayamba ndine?"

"Udzadzilizira wekha. Ine lipenga sindilidziwa."

Nkhani imeneyi tinaimva kambirimbiri tili ana, ndipo nthawi zonse bambo ankaseka mpaka kutsokomola. Awiriwa anakalamba akuitanabe kuti "mnyamata".

Pafoni paja a Lute anati, "Achemwali, atate atisiya m'mawa uno. Amwalirira pakhomo, ndiye ndi kutenthaku sitingawasunge. Tiika mawa dzuwa likapendeka. Koma amayi akuti a Sajeni abwere ndi lipenga, poti malemuwa adanenetsa."

Nditawauza bambo, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anayang'ana kuphiri. Kenako anati, "Esinati, sita jekete."

Madzulo amenewo anatsitsa lipenga pamsomali pamene linkakhala, m'kathumba ka pilo. Linali lakale, lofinyika pambali, anawapatsa popuma usilikali litatha kale mphamvu. Anandituma phulusa ndi ndimu, n'kulipukuta mpaka kuwala. Ine mtima unali m'mwamba. Ulendo womaliza kulimva linalira pamaliro a amayi, ndipo nthawi imeneyo mano akutsogolo anali nawo. Chichokereni pamenepo anagwa limodzilimodzi mpaka kutsala nkhama zokhazokha, chonsecho iwo omwe ankatiuza kuti lipenga limatsamira pamano.

Ndinati, "Bambo, bwanji muyeseko kaye pano timve?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Nyimbo imeneyo sayesera pakhomo pa anthu amoyo. Ukufuna aneba athamangire kuno akulira?"

Ndiye tinanyamuka osadziwa ngati lilira kapena ayi. Pogona ndinagwada n'kunena kuti, Ambuye tifikitseni nthawi yabwino, komanso Ambuye musawachititse manyazi bambo anga pagulu la anthu. Momwe zinthu ziwirizi zikanayendera limodzi ndinawasiyira Mwini wake.

Tinadzuka m'bandakucha. Amuna anga anatiperekeza pasiteji, tinakwera minibasi ya m'tauni, kenako pang'onopang'ono wapansi mpaka ku Wenela. Bambo anali atavala jekete lakuda, mamendulo atatu pachifuwa, lipenga kukhwapa. Chikwama ndinanyamula ine. Tisanalowe n'komwe m'depoti anyamata oitanira anatizungulira.

"Ya Lilongwe amayi, yonyamukanyamuka! Atsala awiri okha, ndinu amene!"

Kusuzumira, zoonadi basi inali yodzaza mitu, injini ikulira, dalaivala akuimba hutala. Ndinathokoza Mulungu, ndinadula matikiti, tinakhala. Koma abale anga, kunja kunayera basi ili pomwepo. Dzuwa linatuluka, ili pomwepo. Ndiye ndinayamba kuona kuti akalowa munthu wa katundu, wina amene anakhala kale amaimirira mwakachetechete n'kutsika, osabweranso. Onse aja anali ongokhazikidwa kuti basi izioneka yodzaza.

Bambo anazindikira ine ndisanazindikire. Anati, "Ifenso tinkachita zimenezi kunkhalango. Kukoleka zipewa pamitengo kuti mdani aziyesa tilipo ambiri. Sindinkadziwa kuti mdaniyo tsiku lina ndidzakhala ine."

Mayi amene anakhala mpando wa kutsidya anaseka mpaka kuwomba m'manja. Anali mayi Mbewe, wogulitsa zitenje ku Limbe, wathupi ndithu, wa mawu akuluakulu, akupita ku Lilongwe kukapereka katundu kwa makasitomala ake. Kuyambira pamenepo anakhala mnzathu wa paulendo, wosafunsidwa.

Ogulitsa malonda ankalowa ndi kutuluka. Wa mazira owiritsa, wa machaja a foni, wa masokosi. Kunabwera wina wa mankhwala m'timabotolo, akulalikira kuti amalimbitsa mano ogwedera. Anaima pa bambo.

"Agogo, awa ndiye anu enieni."

Bambo anangotsegula pakamwa n'kumuonetsa. "Wachedwa, mwana wanga."

Basi yonse inafa ndi phwete. Inenso ndinaseka, koma osati ndi mtima wonse, poti ndinkadziwa ntchito imene pakamwa pamenepo pankapita kukagwira.

Pamene basi inadzazadi ndi anthu enieni, dzuwa linali litakwera kale, malata a m'depoti akuthetheka. Bambo anaimirira n'kupempha kondakitala kuti azimitse wailesi, tipemphere. Kondakitala anafuna kuyankha zina, koma ataona mamendulo anazimitsa. Pemphero la bambo linali lalifupi monga mwa nthawi zonse. Ankati Mulungu ndi mkulu wa asilikali, safuna lipoti lozungulira.

Tinadutsa Lunzu, Lirangwe, mpaka pa Zalewa pamene tonse tinatsika kuti apolisi aone katundu. Kutentha kwa pamenepo kumachita ngati wina wakuphimba ndi bulangete. Wapolisi wina wachinyamata analoza kathumba ka pilo kaja.

"Umu muli chiyani, madala?"

Bambo anamasula. Mnyamata uja anaona lipenga, anaona mamendulo, basi anagunditsa zidendene n'kuchita sawasha. Bambo anabweza, kenako n'kumuuza motsitsa mawu kuti, "Chigongono uzikweza pang'ono." Mnyamatayo anakweza, anzake akuseka, ndipo anatigwira dzanja mpaka kutikweza m'basi.

Kuchoka apo mpaka Phalula ndi Manjawira ndi malambe okhaokha ndi matumba a makala m'mbali mwa msewu. Anthu ambiri anagona. Mayi Mbewe ndiye ankafunsa mafunso ngati wa pawailesi, ndipo ine ndinapezeka ndikufotokoza moyo wathu wonse. Ndinawauza kuti bambo atapuma usilikali anagwira ntchito ya ulonda ku Makata, panyumba yosungira katundu, mpaka tsitsi kuyera. Ankafika m'mawa ife tikukonzekera kusukulu, ndipo asanagone ankatiimika pamzera tonse asanu ndi awiri, kuona zikhadabo, m'makutu ndi m'khosi. Amayi ankakuwa ali kukhitchini kuti, "Inu a Sajeni, kuno si kubalaki, anawa achedwa!" Iwo ankayankha kuti, "Atsala awiri, afande." Mayi anga okha ndi amene bambo ankawatcha afande, monga msilikali amaitanira mkulu wake.

Sanatimenyepo. Ukalakwa ankakuimika njo pakhonde, manja m'mbali, iwo n'kukhala pampando kumakuyang'ana osayankhula. Tinkalakalaka akanangotikwapula zithe. Madzulo asanapite kuntchito tinkagwada tonse pamkeka, iwo n'kutchula dzina la mwana aliyense kwa Mulungu, kenako la amayi, pomaliza la a Kachiza. Chaka chilichonse nthawi yokolola kunkabwera thumba la mtedza kuchokera ku Ntchisi, ife n'kutumiza shuga ndi sopo. Sindikumbukira chaka chimene chinadumpha.

Bambo ankamva zonsezi maso ali chitsinzire. Anangowonjezera kuti, "Mtedza wake unali wabwino, koma thumba sankadziwa kusoka. Theka linkathera m'basi."

Tinaima pa Ntcheu dzuwa lili paliwombo. Anthu anathamangira chipisi ndi nyama yootcha, ife tinatsegula fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika. Foni inalira.

"Muli pati, achemwali?"

"Pa Ntcheu."

"Chabwino. Adzukulu atsiriza kukumba, abusa afika. Tiyamba mwambo mochedwerako kuti mutipeze."

Ndinawerengera mumtima kuti zikayenda bwino tikafika dzuwa lisanalowe, mwina bokosi likutsika kumene. Ndinati Ambuye, gwirani matayala.

Titadutsa pamphambano ya ku Tsangano, basi ikukwera chitunda, tinamva phokoso pansi ngati wina wamenya chikwapu. Kenako fungo la mphira wopserera, kenako nthunzi kutsogolo. Dalaivala anaikokera pambali n'kuzimitsa. Anatsika, anatsegula pa injini, anaima manja m'chiuno. Munthu ukaona dalaivala waima manja m'chiuno umadziwiratu kuti tsiku lapita.

"Lamba wa injini waduka, makasitomala. Kanthu kakang'ono. Mphindi zochepa tinyamuka."

Kondakitala anathyola nthambi zamasamba n'kuziyala mumsewu kutsogolo ndi kumbuyo kwa basi, kenako anakwera kabaza wa njinga yamoto kubwerera ku Ntcheu kukagula lamba. Ife tinatsika kukasaka mthunzi. Pamenepo msewu ndiwo malire, mbali iyi Malawi, mbali inayo Mozambique. Azibambo ankaoloka kukataya madzi kutsidya n'kumabwera akunyada kuti apita kunja popanda pasipoti. Mayi Mbewe anayala chitenje pansi pa mtengo wa mango, tinawakhazika bambo.

Bambo anayang'ana kutsidya kuja nthawi yaitali. Anati, "Agogo ako anachokera dziko limenelo, koma kumunsi, cha ku Milanje. Anabwera wapansi, amayi anga atasenza mphika ndi ine kumsana. Palibe anawafunsa lamba wa injini."

Tili chikhalire, kunatulukira mkulu wina wa m'mudzi wapafupi ali panjinga yakapalasa. Ataona masamba mumsewu ndi anthu atakhala pansi m'magulumagulu, azimayi uku azibambo uku, anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kumaikankha mwaulemu monga timachitira podutsa pamaliro. Atafika pa ife anagwada pang'ono.

"Pepani, pepani. Zovutazi zili nyumba iti?"

Anthu anayamba kuseka, wina n'kuloza basi kuti womwalirayo ndi ameneyo. Koma bambo sanaseke. Anati, "Mwachita bwino kutsika, achimwene. Zovuta zilipo, koma zili ku Ntchisi." Mkulu uja anakhala nawo pansi pang'ono, anawagwira dzanja, anawapepesa ngati amadziwana, kenako anapitiriza ulendo wake. Sanakwere njinga mpaka atadutsa nthambi yomaliza.

Kondakitala anabwera patapita nthawi, lamba ali m'khosi ngati mkanda. Kuyesa, wafupika. Dalaivala anamutukwana, iye anatukwana wa sitolo, anthu anatukwana onse awiri, ndipo anakweranso kabaza kubwerera ku Ntcheu.

Apa ndinaona kuti kudikira sikutithandiza. Ndinaima mumsewu n'kumaimitsa chilichonse chodutsa. Maminibasi ankadutsa odzaza, kondakitala atatulutsa msana pawindo. Agalimoto zing'onozing'ono ankangotiyang'ana. Pomaliza inaima lole ya simenti yopita ku Lilongwe, dalaivala wake n'kunena kuti amene angathe akwere pamwamba. Achinyamata anakwera ngati anyani. Ine ndinathamangira bambo.

Anafika palole paja, anandipatsa chipewa, anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, phazi n'kuponda patayala. Anakoka thupi. Bondo linakana. Anayesanso, azibambo awiri akukankha kumbuyo, wina akukoka pamwamba, koma ndinaona nkhope yawo ikusintha. Munthu amene ankatinyamula awiriawiri pamapewa kukwera nafe phiri la Ndirande. Anatsitsa phazi pansi bwinobwino, anakonza jekete, n'kuuza dalaivala kuti, "Pitani, mwana wanga, musachedwetse anthu." Lole inapita. Nsapato zawo zinali zitayera ndi simenti, ndipo anabwerera pamthunzi paja n'kuyamba kuzipukuta ndi kampango.

Bambo wina wogula mbatata ya kachewere, pofuna kuwasangalatsa, anati, "Agogo, tilizireniko lipengalo, mwina basiyi idzuka."

"Lero ili ndi logoneka, si lodzutsa," anatero bambo. "Mukufuna igoneretu?"

Mithunzi inayamba kutalika. Foni inaliranso, ndipo ndisanayankhe ndinadziwa.

"Achemwali, muli pati tsopano?" Mawu a a Lute anali otopa, kumbuyo kukumveka nyimbo za amayi. "Anthu akhala padzuwa kuyambira m'mawa. Komanso thupi layamba kusintha. Akuluakulu akuti ngati mwadutsa Lilongwe tidikira, koma ngati simudafike, atiuze zochita."

Mayi Mbewe anali atamva zonse, poti khutu lawo linali pafupi ndi langa. Anandikodola m'nthiti n'kunong'ona mokweza, "Nenani kuti muli pa Lumbadzi! Aliyense amatero. Akadikira pang'ono, mudzati muli pa Mponela. Akayamba kudikira sasiya."

Ndani wa ife sanayankhepo pafoni kuti ndatsala pang'ono ali m'bafa? Ndinayang'ana bambo, ndinaganiza za lonjezo la zaka zonse zija, ndipo pakamwa panga panatseguka. Koma dzanja lawo linali litatambasuka kale.

"Bwera nayo kuno."

Anaimirira kaye, ngati kuti foni sayankha chokhala. Anayankhula pang'onopang'ono, mokweza, monga ankaperekera malipoti.

"Lute, ndine Namaona. Tili pakati pa Tsangano ndi Lizulu. Basi yafa. Lero sitifika dzuwa lilipo. Muikeni mnyamatayo. Musamusunge padzuwa chifukwa cha ine, iyeyo perete wautali sankamukonda. Amayi ako uwauze kuti ndifika mawa, ndikamupeza pomwe mumugoneke."

Anandibwezera foni. Mayi Mbewe anati, "Koma agogo, akanadikiratu."

"Akanadikiradi, mayi. N'chifukwa chake sindingawanamize."

Bambo anayenda pang'ono kuchoka pagulu, anakaima m'mbali mwa munda wouma atayang'ana kumpoto, chipewa pachifuwa. Anaima choncho nthawi yaitali, njo, manja m'mbali. Palibe anawayandikira. Anthu amene ankakangana za kubwezeredwa ndalama anatsitsa mawu. Kenako mayi Mbewe, mayi waphokoso uja, anayambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi, ife azimayi n'kulandira, ndi azibambo ena omwe. Tinaimba pamsewu pamenepo anthu osadziwana, mipingo yosiyana, magalimoto akudutsa. Ine ndinalira ngati ndili pamanda penipeni.

Lamba wachiwiri anakwana. Tinanyamuka dzuwa litafiira. Pa Lizulu ogulitsa kabichi ndi tomato ankasonkhanitsa kale malonda awo, pa Dedza kunayamba kamphepo kozizira ndipo ndinawafunditsa bambo chitenje. Tinafika ku Lilongwe kutada. Potsika m'depoti, mayi Mbewe anamasula mtolo wawo n'kusolola chitenje chatsopano, chosadula.

"Ichi mukapatse namfedwa. Mukanene kuti chachokera kwa mayi wabodza wa m'basi."

Sindinawaonenso mayi amenewo. Mulungu awadalitse kumene aliko.

Tinagona ku Kawale kwa mwana wa achemwali anga. M'mawa tinakwera minibasi ya ku Mponela, yotithina anayi pampando, nkhuku ya munthu wina ili pamapazi a bambo. Pa Mponela tinadikiranso kagalimoto ka matola kuti kadzaze, koma tsiku limeneli kudikira sikunkapweteka, poti panalibenso chothamangira. Kuchoka pa boma la Ntchisi kupita kumudzi kunali kwa njinga zamoto. Ndinkaopa kuti bambo agwa, koma anakhala kumbuyo kwa wakabaza msana uli chilili, lipenga kukhwapa, ine ndi amene ndinkakuwa m'mabampu monse.

Tinafika pamudzi anthu atabalalika kale. Azimayi ankasesa pabwalo ndi kutsuka miphika ikuluikulu, achinyamata akubweza mabenchi kutchalitchi. A Lute anatilandira n'kutilowetsa m'nyumba mmene munali mayi awo, agogo Nangondo, kamunthu kakang'ono kowuma, katakhala pamphasa. Tinagwada, tinapepesa, ndinapereka chitenje chija ndi uthenga wake womwe. Agogo anagwira dzanja la bambo ndi manja awiri.

"Mwabwera, a Sajeni. Mnzanu tamugoneka dzulo. Mudachita bwino kutimasula."

"Ndabwera ndi ngongole yake, mlamu."

Kumanda salowa chilowelowe, ndiye a Lute anakapempha kwa eni mudzi, ndipo anatipatsa mmodzi wa adzukulu kuti atitsogolere. Tinapita anthu asanu okha: mdzukuluyo, agogo Nangondo ndi ndodo yawo, a Lute, bambo ndi ine. Manda anali m'kankhalango ka mitengo yakale, kozizira bwino. Mtumbira unali wofiira, nkhata za maluwa zitayamba kale kufota.

Bambo anandipatsa kathumba ka pilo. Anaima kumiyendo kwa mtumbira, anagunditsa zidendene, anakweza lipenga. Ndinaona chifuwa chawo chikudzaza mpweya.

Kunangomveka fuuu, ngati munthu akuuzira moto.

Anapukuta milomo, anakonza, anayesanso. Ulendo uno linatulutsa kamawu kamodzi kosweka, ngati kamwana ka mbuzi, n'kuthera pomwepo. Kachitatu sipanatuluke kanthu, malovu okha kutsikira pachibwano. Ine maso anali pansi. Mumtima ndinathokoza kuti chikhamu cha dzulo sichinaone zimenezi, koma kuthokozako sikunachotse ululu.

Anatsitsa lipenga. Anayankhula kwa mtumbira uja ngati munthu ali pamaso pawo.

"Kachiza, ndafika mochedwa, ndipo lipenga lakana. Mano anatsogola kale. Undikhululukire, mnyamata."

Anafuna kutembenuka. Agogo Nangondo anagogoda pansi ndi ndodo.

"A Sajeni, imani pomwepo. Mnzanuyu lipenga adalibe. Koma chikwatirane chathu, madzulo alionse akamatseka khola la mbuzi ankaliza nyimbo yanuyo ndi pakamwa, mpaka ana a m'mudzi muno ankamuseka. Iye adatha ndi pakamwa. Inu pakamwa mudasiya ku Blantyre?"

Bambo anawayang'ana agogo aja. Kenako anapana lipenga kukhwapa, anagunditsanso zidendene, anakweza chibwano, n'kuyamba.

"Paa, paaa. Paa, paaa."

Mawu awo anali aang'ono, okalamba, onjenjemera, koma nyimbo inali yomwe ija, osaphonya. Inakwera, inatsika, inathamanga pang'ono pakati, inabwereranso. Mdzukulu uja, amene poyamba ankaoneka ngati afuna kuseka, anavula kapusi. Chakumapeto nyimboyi imakwera n'kukhala m'mwamba nthawi yaitali, ndipo pamenepo mpweya unawathera bambo. Pakamwa panali potsegula koma mawu osatuluka. Ndiye kumbali kwanga kunamveka kamawu kena, kopyapyala ngati ulusi. Agogo Nangondo anailandira pomwe inadukira, atatsamira ndodo, maso otseka, n'kuikweza, n'kuigwira, mpaka kuitula pansi bwinobwino.

Bambo anachita sawasha, dzanja linakhala pachipumi nthawi ndithu, kenako anatsitsa.

"Gona, mnyamata."

Potuluka m'manda agogo anakana dzanja la a Lute n'kugwira mkono wa bambo. Ankayenda patsogolo pathu awiriwo, pang'onopang'ono, wina ndodo wina lipenga. Tisanafike n'komwe panjira ndinamva agogo akuti, "Koma pakati paja mudathamanga. Iye ankapita mofatsa."

"Iyeyo ndiye ankalakwitsa, mlamu. Woliza lipenga ndine."

"Zaka zonsezi mbuzi zanga zakhala zikugonera nyimbo yolakwika?"

"Zolakwika zokhazokha. Ndinkamuuza ku Malaya komwe, samamva."

Anakangana choncho mpaka kufika pakhomo, ine ndi a Lute tikubwera pambuyo, tikupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, tikuseka.